Phazi Lisagunde Pansi

Lamlungu m'mawa, kuseri kwa Roodepoort,
pamene mgodi unasanza mchenga wachikasu
n'kuusiya uli phiri lopanda dzina,
timatsitsa njinga ziwiri pa pikapu ya a Viljoen.

Joni yense ndi liwiro.
Mateksi amalimbirana kampata pa Main Reef,
ine ndemwe Lolemba ndimathamangira sitima buledi ali kukamwa.
Koma kuno amapambana ndi wodziwa kuchedwa:
kwera mwala, tsika chigwembe,
khota pamene mbuzi ingayambe yaganiza kaye,
phazi lisagunde pansi.
Likagunda, mayi wachipewa uja akulembera mlandu pa khadi
osakuyang'ana n'komwe.

Yakaleyo ndi mnzanga wobadwa naye chaka chimodzi.
Thanki yake inatuwa ngati mbale ya kundende.
Kilachi yake ndi waya wouma gwa,
ukaikoka kasanu dzanzi limafika m'chigongono.
Tsiku loyamba a Viljoen anati, ndudu ili pakamwa:
Sipiliyano, itaye kilachiyo, uiiwale.
M'mimba mwa injini muli chigudumu cholemera,
chikayamba kuzungulira sichifuna malangizo.
Iwe lankhula ndi dzanja lamanja basi,
upotoze moto pang'ono
ngati ukutsegula mpopi usiku m'nyumba ya eni.

Ndipo imapitadi. Thu. Thu. Thu.
Pakati pa thu ndi thu mnzake
mumakwana mpweya umodzi ndi theka la pemphero.
Ukaidzidzimutsa imatsokomola n'kuzima,
iwe n'kutsala utakumbatira mwala.

Yatsopanoyo ndi ya Palesa, mtsikana wa sukulu.
Ilibe n'chishalo chomwe.
Kilachi yake imayendera mafuta, yofewa ngati khutu la khanda,
ndipo chala chimodzi, chamkombaphala,
chimangoti gwire, taye, gwire, taye,
injini ikukuwa m'mwamba, tayala likunong'ona pansi.
Amaima nayo nji pamwamba pa thanthwe,
osapita, osagwa, mawondo okha akukambirana,
kenaka vuu! chala chamasula,
walumpha khoma londifika m'chifuwa.

Tsiku lina tinasinthana.
Iye pa yakale, chala chinafunafuna pofewa,
waya unakana,
injini inamuyankha mochedwa ngati kalata yakumudzi.
Anaponda pansi katatu, natukwana m'Chisutu, naseka.
Ine pa yake ndinataya kilachi monga mwa chizolowezi,
n'kupotoza pang'ono pokha:
inandipulumuka pakati pa miyendo ngati thole
n'kukagona yokha patsinde pa bulugama.
Chipsera chilipobe, apa.

Bambo anga anabwera ndi Wenela
ine ndisanadziwe kukwawa.
Mchenga uwu, umene tayala langa likuupempha pogwira,
mwina unadutsa pa fosholo yawo.
Anabwerera ku Dedza ndi jekete, wayilesi ndi chifuwa.
Izi sindiziganiza ndili panjinga.
Ukaganiza, phazi limatsika lokha.

Dzanja la a Viljoen tsopano limanjenjemera,
moto wapang'ono uja sangaugwirenso.
Amakhala pa kireti ya mowa atatsinzina,
akumvetsera.
Ndikafika pamwala wachitatu, wopendekeka uja,
khutu lawo limadziwa ngati ndachita mantha
ine ndisanadziwe.

Lero sananene kanthu.
Khadi langa lili ndi milandu inayi,
la Palesa loyera ngati analigula kumene.
Wabwera kudzagwira thanki ya yakaleyo, ikadali yotentha,
akuti sabata yamawa ndimubwerekenso,
sakumvetsa chimene chimaigwira kuti isazime.

Pobwerera, pa loboti ya Ontdekkers,
teksi yakumbuyo yayamba kale kutiimbira hutala
nyali isanasinthe.
A Viljoen akufunafuna giya.
Ine ndangopeza dzanja langa lamanja lili pabondo,
likupotozabe mphepo
pang'ono, pang'ono.